Pulojekiti ya magalimoto ndi kayendedwe ka zinthu ku sukulu ya mkaka: tiyambire pati?

Mlezi wa Azaka Zinayi:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Kalasi yanga ndi ya ana azaka zinayi, ena akuyandikira zisanu, ndipo chitsegulireni temu ino nkhani yawo ndi imodzi basi, magalimoto. Chilichonse chimene agwira chimasanduka galimoto, kaya nsapato, kaya chofufutira bolodi, kaya bokosi la choko. Akuluakulu a pasukulu atiuza kuti temu ino tiyese kuphunzitsa mwa pulojekiti, ndiye ndati bwanji nditenge zomwe anawa akonda kale. Koma ndikakhala pansi kuti ndilembe pulani, zikutuluka ndi izi: Lolemba zoyenda pamtunda, Lachiwiri zoyenda pamadzi, Lachitatu zouluka, Lachinayi kupaka utoto chithunzi cha basi, Lachisanu nyimbo. Mtima ukundiuza kuti imeneyi si pulojekiti. Amene munayendetsapo, mumayambira pati? Nanga za kukankha, kukoka, liwiro ndi kutsetsereka, mwana wazaka zinayi angazimve mpaka pati?

Mphunzitsi Wopuma:
Aphunzitsi, mtima wanuwo ukunena zoona. Mwalembazo ndi mutu wa sabata. Chizindikiro chake n'chakuti mayankho onse muli nawo kale inuyo Lolemba lisanafike, ndipo mukudziwiratu kuti Lachisanu zikathera pati. Pulojekiti imayamba ndi funso la ana eni ake, funso loti yankho lake mukalifuna nawo limodzi, ndipo simungadziwiretu kuti itenga masabata angati.

Njirayi si yalero ayi. John Dewey anatsegula sukulu yake ku Chicago mu 1896, komwe ana ankaphunzira pogwira ntchito zenizeni ndi manja, ndipo William Kilpatrick, yemwe anaphunzira kwa iyeyo, ndiye anaitchukitsa mu 1918. Kwa ana ang'ono ngati anuwa, ambiri timatsata momwe Lilian Katz ndi Sylvia Chard anaiyalira mu 1989, m'magawo atatu. Poyamba mumamvetsera: ana anene zomwe akudziwa kale, ajambule galimoto momwe ilili m'mutu mwawo, inu muzilemba mawu awo ndendende momwe awanenera, ngakhale akhale olakwika. Gawo lachiwiri ndiye lalitali. Ndi la kukaona chinthu chenicheni, kuchigwira, kufunsa anthu ochidziwa, kuyesa, kulephera ndi kuyesanso. Pomaliza ana amafotokozera ena zimene apeza.

Koma musanachite chilichonse, chepetsani mutuwo. Ndege ndi sitima zam'madzi zisiyeni kaye. Mwana wamsinkhu umenewu amaphunzira ndi zala, ndipo ndege sangaikhudze, angoiona pachithunzi n'kuloweza dzina. Tengani chinthu choti angachizungulire, kuchisuzumira kunsi, mawa n'kubwereranso: wilibala, njinga, galimoto ya kholo limodzi. Kapenanso matayala okha. Tayala lokhalo likhoza kukutherani temu yonse.

Mayi wa Mapasa:
Pepani ndilowerereko, ine ndine kholo chabe. Zomwe mukukambazi zikumveka bwino, koma ana anga chaka chamawa akuyamba pulayimale. Mwana akabwera kunyumba n'kundiuza kuti lero timatsetsereza magalimoto pathabwa, mawa zomwezo, mkuja zomwezo, ine ndiziti akuphunzira chiyani? Kusewera ndi magalimoto amasewera kale kunyumba popanda mphunzitsi. Zilembo ndi manambala aziphunzira nthawi yanji?

Mphunzitsi Wopuma:
Amayi, funso lanu ndi labwino, ndipo mphunzitsi aliyense ayenera kukhala nalo yankho. Kusiyana kwake kuli pa zimene zimachitika galimoto ija ikaima. Kunyumba ikaima, mwana amangoitola n'kuitsetserezanso. M'kalasi pamene yaimapo pamaikidwa chizindikiro, ndipo chizindikirocho chiyenera kuonetsa mwini galimoto. Apa mwana amafuna chilembo choyamba cha dzina lake, ndipo amachifuna yekha osakakamizidwa, chifukwa popanda icho mnzake anena kuti yapita patali ndi yake. Kenako pamabuka mkangano woti yatalika bwanji. Ayeza ndi mapazi, apeza kuti phazi la wina ndi lalitali ndipo manambala sakugwirizana, mpaka adzagwirizane okha kuti onse ayezere kamtengo kamodzi. Mwana amene wadutsa mu mkangano umenewo akadzakumana ndi rula ku pulayimale, adzadziwa chifukwa chake inapangidwa.

Nambala ya galimoto ili ndi zilembo ndi manambala pamodzi, ndipo ana amaikopera ndi chidwi chomwe sakhala nacho pa zolemba pabolodi. Kuwerenga matayala nakonso: wilibala limodzi, njinga awiri, galimoto anayi, mpaka wina atulukire lachisanu la sipeya. Sindikunena kuti nthawi ya nthano, nyimbo ndi maliwu a zilembo ichotsedwe. Pulojekiti imatenga gawo la tsiku, zinazo zimapitirira.

Mayi wa Mapasa:
Ndamva, amayi. Koma aphunzitsi azitionetsako zimenezi. Ife timangoona mwana wabwera ndi zovala zakuda.

Mlezi wa Azaka Zitatu:
Apa amayiwa akhudza penipeni. Sukulu za ana za mumzinda wa Reggio Emilia ku Italy, zomwe Loris Malaguzzi anazitsogolera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinatchuka kwambiri pa chinthu chimenechi: makoma a kalasi amafotokoza nkhani yonse ya ntchito ya ana. Simufunika zipangizo zambiri. Pachikani chojambula cha mwana cha tsiku loyamba, pambali pake cha mwana yemweyo atakaona galimoto yeniyeni, tsiku lilembedwe pansi. Choyamba chimakhala bokosi ndi timizere tozungulira tomwazikana paliponse. Chachiwiri matayala amakhala pansi, pali chitseko, kalirole, mwinanso paipi ya utsi. Kholo likaona ziwirizo silifunsanso.

Mlezi wa Azaka Zinayi:
Zikomo nonse. Ndachita monga mwanenera, ndinangokhala nawo pansi n'kumalemba. Mafunso awo ena ndi awa. Galimoto imagona usiku? Imamwera pati petulo, ili ndi pakamwa? Wilibala ili ndi tayala limodzi, nanga bwanji siigwa? Galimoto ikamabwerera m'mbuyo, matayala amatembenuka? Chifukwa chiyani galimoto yanga ya katoni siyenda koma ya kusitolo imayenda? Ndipo mtsikana wina wafunsa kuti, pamtsetse akukankha galimoto ndani popeza ine ndangoisiya? Lomalizali landigwira mtima. Nditenge liti?

Mphunzitsi Wopuma:
Awiri omalizawo ndiwo pulojekiti yanu, chifukwa onse angathe kuyankhidwa ndi manja. La kugona ndi la pakamwa musawataye, koma musathamangirenso kunena kuti galimoto si yamoyo. Jean Piaget, katswiri wa kaganizidwe ka ana, anaona kale kuti ana amsinkhu uwu amaganiza kuti chilichonse choyenda chili ndi moyo. Tsiku lokaona galimoto mwini wake akawaonetse pothirira mafuta, muwafunse ngati galimoto imakula kapena kubereka ana, muwasiye akangane.

Makaniko:
Ine pa funso la katonilo ndithandizeko, chifukwa ndi ntchito yanga imeneyo, kungoti zanga ndi zazikulu. Galimoto za ana zimakana kuyenda pa zifukwa zochepa kwambiri, ndipo chachikulu ndi ekiselo, kamtengo kapena kachitsulo kolumikiza matayala awiri kaja. Njira zilipo ziwiri zokha. Mwina tayala limamatidwe ku ekiselo, ekiseloyo izizungulira momasuka mkati mwa chubu chomatidwa kunsi kwa katoni. Apo ayi ekiselo imamatidwe ku katoni, tayala lizizungulira lokha pa ekiselopo. Mwana amamata zonse ziwiri, tayala ku ekiselo, ekiselo ku katoni, ndiye chinthu chimangokhula pansi. Chubu chabwino ndi cha bolopeni yotha kapena kapaipi komwera zakumwa.

Zina ndi izi. Bowo likakhala kuti silili pakatikati pa tayala, galimoto imayenda motsimphina. Maekiselo awiri akapanda kulingana, imakhota yokha nthawi zonse mbali imodzi. Tayala likayandikana kwambiri ndi katoni limakhula, ndiye ikani kamkanda kapena kachidutswa ka chubu pakati. Mabowo muziboola ndinu akuluakulu, msomali usafike m'manja mwa mwana.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Bambo makaniko, njira yanu yoyambayo ndi yakale kwambiri. Mu 2002 m'dambo lina pafupi ndi Ljubljana ku Slovenia anafukula tayala lamtengo la zaka zoposa 5,000 pamodzi ndi ekiselo yake. Bowo la pakati pake ndi la ngodya zinayi, kusonyeza kuti tayala ndi ekiselo zinkazungulira limodzi. Magudumu a sitima yapamtunda mpaka lero ali choncho. Tayala lakutsogolo la njinga ndiye lili m'njira yachiwiri ija.

Mphunzitsi Wopuma:
Bambo, mwafotokoza bwino kwambiri, ndipo aphunzitsi ayenera kuzidziwa zonsezi. Koma aphunzitsi, muzisunge mumtima. Mukapita mawa n'kukawauza ana kuti musamate apa, matani apa, mupeza magalimoto okongola oyenda onse, koma ana atsala momwe analili. Ikani patebulo galimoto yoyenda ndi yosayenda, zonse chagada, mwana azungulitse matayala ndi chala. Mufunseni kuti chikuzungulira n'chiyani apa, nanga apa? Wina azindikira tsiku lomwelo, wina pakapita masiku, ndipo amene wazindikira ndiye aphunzitse mnzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Makaniko:
Zoona amayi, koma mwana akalephera nthawi yaitali amataya mtima n'kusiya. Ngakhale ophunzira ntchito kugalaja ndimawasiya avutike pang'ono, koma sindiwasiya mpaka kulira.

Mphunzitsi Wopuma:
Apo tagwirizana. Mukaona kuti wayamba kukwiya, mumuchepetsere vutolo osamuchotsera. Mugwirireni katoni, mumulozere pamene pakugwira, mumupatse chubu osanena ntchito yake. Lev Vygotsky, katswiri wa momwe ana amaphunzirira, ankanena za kadanga kamene kali pakati pa zomwe mwana angathe yekha ndi zomwe angathe wina atamuthandiza pang'ono. Ntchito ya mphunzitsi ili m'kadanga kameneko.

Mlezi wa Azaka Zinayi:
Tayamba za mtsetse. Ndatenga thabwa losalala, mbali imodzi ndaikhazika pa mabuku. Tsopano kalasi yagawikana. Ena akuti galimoto yolemera imafika patali, ena akuti yopepuka chifukwa siitopa. Tayesa, koma nthawi zina yolemera ikupambana, nthawi zina ayi. Inenso ndikufuna kudziwa, zoona zake ndi ziti?

Makaniko:
Yolemera, mosakayika. Lole yodzaza katundu pamtsetse si yofanana ndi yopanda kanthu. Funsani dalaivala aliyense.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Achimwene, apa ndisiyana nanu pang'ono, ndipo ndifotokoza motalika chifukwa mpamene akuluakulu ambiri timasokonezera ana. Mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi imakoka chinthu cholemera mwamphamvu, inde, koma cholemeracho chimafunanso mphamvu yambiri kuti chiyambe kuyenda. Ziwirizi zimathetsana, kotero kuti popanda chosokoneza, cholemera ndi chopepuka zimatsika limodzi. Wasayansi wakale Galileo anazifufuza zimenezi pogubuduza timipira tachitsulo mumsewu wosema pathabwa lopendeka, nthawi ankaiyeza ndi madzi otuluka m'chotengera, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1638. Anapeza kuti mpira ukayenda mtunda umodzi pa kanthawi koyamba, kanthawi kachiwiri umayenda mitunda 3, kachitatu 5, kachinayi 7. Ndiye kuti liwiro limangowonjezekera ukamatsika. Mu 1971 David Scott ali pamwezi, komwe kulibe mpweya, anagwetsa hamala ndi nthenga nthawi imodzi, zonse zinafika pansi limodzi.

Nanga bwanji m'kalasi yolemera imapambana kawirikawiri? Chifukwa zosokoneza zilipo. Mpweya, kafumbi ka mu ekiselo, kamchenga ka pansi, kugunda kwa pamene thabwa lakumana ndi simenti, zonsezi zimabweza galimoto yopepuka kwambiri kuposa yolemera. Koma mukapitiriza kuwonjezera katundu, ekiselo imapindika, matayala amakhula katoni, yolemera ija n'kuyamba kutsalira. N'chifukwa chake zotsatira zanu zikusinthasintha, aphunzitsi. Komanso ndikukhulupirira kuti magalimoto awiri mukuyerekezawo akusiyana pa zambiri, osati kulemera kokha: matayala, kukula, kusalala kwa ekiselo.

Za lole, bambo makaniko akunena zoona pa chinthu china. Lole yodzaza imavuta kuimitsa, chifukwa mabuleki ayenera kumeza mphamvu yambiri ndipo amatentha, komanso injini imalephera kuibweza pamtsetse. Imeneyo ndi nkhani ya kuima.

Makaniko:
Chabwino aphunzitsi, za pamwezi sindingatsutse. Koma pansi pano mpweya ulipo ndipo fumbi lilipo, ndiye mwana amene wati yolemera imafika patali musamuuze kuti walakwa. Wanena zomwe waona.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Sindingamuuze choncho ngakhale pang'ono. Chimene ndikupempha n'chakuti mphunzitsi asalembe pakhoma ngati lamulo kuti zolemera zimathamanga kwambiri, chifukwa mawu amenewo ndimakumana nawo ku sekondale atakhazikika kale, ndipo kuwazula ndi ntchito yaikulu. Alembe kuti galimoto yathu titaiika miyala iwiri inafika apa, titaiika yambiri inaima apa. Zimenezo ndi zoona, ndipo zidzakhalabe zoona mwanayo akadzakula.

Ndipo njira yoyesera ndi iyi: galimoto imodzi yomweyo, thabwa lomwelo, poyambira pomwepo, chosintha chikhale chimodzi chokha. Jambulani mzere woyambira pathabwa. Vuto lalikulu ndi dzanja, chifukwa mwana aliyense amakankhako pang'ono kuti yake ipambane. Gwiritsani rula ngati geti: galimoto itsamire rula, mwana angokweza rulayo. Chinthu chimene chimaonekera bwino kwambiri kwa ana si kulemera, koma kutalika kwa pamene galimoto yayambira. Buku limodzi, mabuku awiri, atatu. Mukawirikiza kukwera kwa thabwa, mtunda umene galimoto iyende pansi umayandikira kuwirikizanso. Ana adzafuna kukweza mpaka thabwa liime chilili, alekeni. Adzaona galimoto ikugunda mphuno pansi n'kuima pomwepo, ndipo adzayamba okha kufunafuna kupendeka kwabwino. Mukatha apo sinthani pansi: simenti, nsalu, mchenga, katoni yamizeremizere.

Mlezi wa Azaka Zitatu:
Funso la kamtsikana kaja, loti akukankha ndani, munaliyankha bwanji? Ine ndi azaka zitatu ndimangoti dziko limakokera zinthu pansi, ndiye timagwetsa zinthu zosiyanasiyana kuti tione ngati chilipo chogwera m'mwamba.

Mlezi wa Azaka Zinayi:
Sindinamuyankhe mwachindunji. Ndinamupatsa thabwa lili chogona pansi, galimoto osayenda, ndinati alikweze pang'onopang'ono. Itayamba kuyenda anati pansi pakuikoka. Ndalemba mawu akewo pakhoma ndi dzina lake.

Namwino wa Ana:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, koma pali zomwe sindingazisiye osanena. Zitsekerero za mabotolo a zakumwa zimakondedwa kwambiri popangira matayala, koma kwa ana osakwana zaka zitatu ndi zoopsa. Muyezo umene opanga zidole amagwiritsa ntchito ndi kachubu ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake: chilichonse cholowa chathunthu m'menemo chingathe kutsamwitsa mwana wamsinkhu umenewo. Ngati mulibe, yesani ndi chubu cha katoni cha pepala la kuchimbudzi, chomwe ndi chachikulupo. Cholowamo chisafike kwa ang'onoang'ono. Mabulo, mikanda ndi timiyala ta katundu tija n'chimodzimodzi. Achemwali a azaka zitatu, gwiritsani zivundikiro zikuluzikulu, ndipo muziwerenga zipangizo musanayambe ndi mukamaliza, popeza ena amsinkhu umenewo amaikabe zinthu m'kamwa.

Ndikudziwa kuti posachedwa wina anena za galimoto yoyendera baluni. Ndi yosangalatsa, koma baluni yosapopa kapena yophulika ndi imodzi mwa zinthu zotsamwitsa ana kwambiri, chifukwa imamatirira kukhosi, ndipo chenjezo lake limafika mpaka zaka 8. Apope ndi wamkulu, zidutswa zitoledwe nthawi yomweyo. Timaginito tating'ono tamphamvu musatilowetse m'kalasi n'komwe, chifukwa mwana akameza tiwiri timakokana m'matumbo n'kuboola. Ndipo zidole zakale zomwe makolo angabweretse muziyang'ane ngati zili ndi timabatire tozungulira tonga batani. Kameneko kakakakamira kum'mero kangathe kuwotcha pasanathe maola awiri. Mukangokayikira kuti mwana wameza, thamangirani kuchipatala, osadikira zizindikiro.

Makaniko:
Ndiwonjezere za tsiku loonera galimoto yeniyeni. Ifike msanga kuti injini izizire ana asanayandikire, chifukwa paipi ya utsi imawotcha nthawi yaitali galimoto itazimitsidwa. Iime pamalo osapendeka, handibuleki yokoka, miyala kapena matabwa kumatayala, kiyi m'thumba mwa dalaivala. Ngati mukufuna amve kulira kwa injini, kukhale panja, ana ataima patali ndi mbali imodzi, chifukwa utsi wa galimoto m'malo otsekeka umapha. Abwere m'timagulu ting'onoting'ono, zala kutali ndi zitseko, ndipo pomaliza muwawerenge ndi kuyang'ana mkati musanatseke.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna mwana aliyense achione. Mukhazikeni pampando wa dalaivala, anzake akaime kumbuyo kwa galimoto ndi mphunzitsi, mumufunse kuti ukuwaona? Sawaona. Kenako asinthane. Mwana amaganiza kuti popeza iye akuiona galimoto, dalaivalanso akumuona.

Namwino wa Ana:
Chimenecho chisasowe, bambo. Lipoti la 2023 la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata azaka 5 mpaka 29. Ana a kalasi imeneyi atsala pang'ono kulowa m'gulu limenelo. Koma tisanamizane kuti pulojekiti ipangitsa mwana wazaka zinayi kuwoloka msewu yekha. Msinkhu umenewu sathabe kuyerekeza liwiro ndi mtunda wa galimoto ikubwera. Chimene aphunzire ndi kugwira dzanja la wamkulu, kumanga lamba, ndi kudziwa kuti galimoto siima nthawi yomweyo.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Chomalizacho thabwa lomwelo limaphunzitsa. Ana athamange pabwalo, muombe m'manja kuti aime, aone mapazi angati amawonjezera asanaimiretu. Kwa ife akuluakulu: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wogwirira mabuleki umawirikiza kanayi.

Mayi wa Mapasa:
Ndabweranso ndi china. Mapasa anga ndi mnyamata ndi mtsikana. Mtsikanayo amakonda magalimoto kuposa mlongo wake, koma amandiuza kuti akayandikira pamene pali zidole zamagalimoto anyamata amamuthamangitsa, amati si za atsikana. Aphunzitsi, m'kalasi mwanumo thabwa akuligwira ndani?

Mlezi wa Azaka Zinayi:
Amayi, zimenezi ndaziona. Anyamata angapo amphamvu amafika msanga pathabwa, ena amangoonerera. Ndawonjezera matabwa kuti akhale m'makona osiyana, ndipo pagulu lililonse ntchito zimazungulira: wokweza geti, woika chizindikiro, woyeza, wojambula. Aliyense adutse monsemo. Ndipo funso limene latsogolera ntchito yonseyi ndi la mtsikana.

Mphunzitsi Wopuma:
Muwafotokozerenso ngati nthano nkhani ya Bertha Benz, chifukwa ndi yoona. Mwamuna wake Karl Benz analembetsa galimoto yake ya matayala atatu mu 1886, koma amene anayamba kuyenda nayo ulendo wautali ndi mayiyu. Mu Ogasiti 1888 ananyamuka ku Mannheim kupita ku Pforzheim ku Germany, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndi ana ake aamuna awiri. Paipi ya mafuta itatseka anaitsegula ndi phini ya chipewa chake, mabuleki atatha anapempha wosoka nsapato kuti awakhomere chikopa, ndipo pazitunda ankatsika n'kukankha. Ana amaikonda nkhaniyi chifukwa muli kukankha ndi kukonza, zomwe akuchita iwowo. Ndipo mukamaitana alendo odzayankha mafunso, funani dalaivala kapena makaniko wamkazi ngati angapezeke.

Makaniko:
Alipo, ndipo ena amatiposa. Nkhani inanso ya nthawi yomweyo: John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, anapanga tayala lopopa mpweya pofuna kuti njinga ya matayala atatu ya mwana wake isamagwedeze pamsewu wamiyala. Wina anali atayesapo kale zaka zambiri m'mbuyomo, koma la Dunlop ndilo linafalikira. Ndiye tengani njinga, ana aikankhe tayala lili lopopa, muchotse mpweya, aikankhenso. Kenako apope okha ndi pampu, chala chili pa tayala kumva likulimba.

Mlezi wa Azaka Zitatu:
M'kalasi mwanga muli mwana woyendera njinga ya olumala. Titayamba za matayala ndinakambirana kaye ndi makolo ake komanso iye mwini ngati angakonde kuonetsa anzake momwe imayendera. Anavomera mosangalala, ndipo ndiye anakhala katswiri wathu. Anawaonetsa kuti akakankha tayala limodzi lokha njinga imakhota, ndiponso kuti pamchenga pamalemera kuposa pasimenti. Anzake anayamba kufufuza malo a pasukulu pomwe njingayo singadutse. Koma funsani kaye, mwana asasanduke chionetsero asanafune.

Mayi wa Mapasa:
Nanga pulojekitiyi imatha liti? Kapena imangopitirira mpaka ana atatopa?

Mphunzitsi Wopuma:
Mumaona mafunso atsopano akayamba kuchepa ndipo ana akungobwereza zomwezo. Pamenepo musadikire kuti izilale yokha. Afunseni kuti tiwauze chiyani makolo, ndipo tiwaonetse bwanji. Ena amasankha kumanga galimoto yaikulu ya makatoni yokwanamo onse, ena galaja, ena mpikisano wa pathabwa. Chachikulu n'chakuti olankhula tsikulo akhale ana, atagwira zomwe anapanga, kuphatikizapo zomwe zinakana kuyenda. Bwererani pa mndandanda wa mafunso oyamba aja, muwawerengere limodzi limodzi, ana anene lomwe layankhidwa ndi lomwe latsala.

Mlezi wa Azaka Zinayi:
Kwathu kutha kudakali kutali. Mnyamata wina anagubuduza chitini pathabwa m'malo mwa galimoto, tsopano onse akufuna zitini. Chopanda kanthu chimatsalira, chodzaza mchenga chimapambana, koma chomwe tinathira mchenga theka chinayenda pang'ono n'kuima pathabwa pomwepo. Ana akuti chatopa. Aphunzitsi a sayansi, apa chikuchitika n'chiyani? Zikuoneka ngati zikutsutsana ndi zija munanena za kulemera.

Mphunzitsi wa Sayansi:
Sizikutsutsana, koma mwalowa nkhani ina yokoma. Pa chinthu chogubuduzika, chofunika ndi malo amene kulemerako kuli. Chitini chopanda kanthu kulemera kwake konse kuli m'mphepete, ndiye mphamvu yambiri imathera pozungulitsa, yotsikira imachepa. Chodzaza thothotho kulemera kwafalikira mpaka pakati, chimatsika msanga. Zitini ziwiri zodzaza bwino, china mchenga china chinthu cholemererapo, zimafika pafupifupi limodzi. Cha theka chija mchenga umakwera khoma la mkati n'kumagumukira pansi, ndipo kukhulana kwa mchengawo kumadya mphamvu mpaka chitini kuima. Gwiritsani botolo lapulasitiki loonekera mkati, lotsekedwa bwino ndi tepi, kuti ana aone mchengawo ukugumuka. Kenako yesani la madzi. Lidzawadabwitsa, chifukwa madzi sazungulira limodzi ndi botolo, amangotsetsereka, ndipo nthawi zambiri limaposa onse.

Makaniko:
Mukamaliza za zitinizo, igoneke chagada njinga ija, chishalo ndi mahandulo pansi. Mangani kansalu kofiira pa sipoko imodzi ya tayala lakumbuyo. Wamkulu azungulitse pedulo pang'onopang'ono kamodzi, ana awerenge kuti kansaluko kadutsa kangati. Apeza kuti pedulo ikazungulira kamodzi tayala limazungulira koposa kamodzi, ndipo adzafuna kudziwa chifukwa chake. Awerenge mano a giya yaikulu ndi yaing'ono tayala litaima. Pozungulitsa, ana akhale kumbuyo kwa mzere wojambulidwa pansi, chifukwa tcheni ndi masipoko zimatsina zala, ndipo tayala muliimitse ndi buleki, osati ndi dzanja.